Ulendo wa Awiri m'Chigwa cha Phalombe: Makonzedwe Ake ndi Ulemu Wake

Chizolowezi cha masiku ano n'chakuti mwamuna ndi mkazi wake, akatopa ndi phokoso la mu mzinda, kapena akangotuluka m'tchalitchi atamanga ukwati woyera, maso awo amalunjika kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, kumene mchenga uli woyalidwa kale ndipo wophika awadikira ndi mbale m'manja. Ndipo palibe angawadzudzule pa ichi, pakuti nyanja yathu njokoma ndithu, ndipo thupi lolema liyenera mpumulo wake. Koma alipo ena amene mtima wawo sukhuta ndi kugona pamchenga, amene afuna kuti pobwerera kwawo akhale atamva ng'oma imene sanaimvepo, atalawa chakudya chimene ankangochimvera m'nkhani, ndiponso atakhala pamphasa ndi akuluakulu amene mbiri ya dziko ili m'kamwa mwawo. Kwa otere, boma la Phalombe, limene ambiri a ife timalikumbukira pokhapokha wailesi ikalengeza za madzi osefukira kapena za mtengo wa nandolo, lili ndi zambiri zowapatsa, ngakhale silizipereka kwa munthu wobwera mwaphuma.

Pakuti ulendo wa kumudzi sutseguka ndi ndalama zokha. Uyenera kukonzedwa monga munthu wolongosoka akonzera ulendo wokacheza kwa apongozi: atumiza mawu asananyamuke, asankha nyengo imene eni khomo sali pa kalikiliki wa kumunda, anyamula kanthu m'manja, akhala pamene amulozera, ndipo atsazika asanatopetse. Banja limene lisunga zisanuzi lidzaona Phalombe amene wodutsa pagalimoto samuona.

Dziko ndi eni ake

Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje kufikira chaka cha 1998, pamene anapatulidwa nakhala boma lakelake, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka ndi anthu oposa 400,000. Kummwera kwake kwaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002. Pambali pake paima Michesi, lolekana nalo ndi mpata. Ndipo kuchokera m'tsinde mwa mapiri awiriwa chigwa chathyathyathya chiyala kumka kumpoto, chodzala ndi minda ya chimanga, nandolo, mapira, mpendadzuwa, fodya ndi mpunga, kufikira chimira m'madambo a nyanja ya Chilwa, kumene mitsinje ya Phalombe ndi Sombani itula madzi ake. Kummawa kuli malire a Mozambique, amene anthu a kuno awadutsa monga adutsa m'malire a munda, popeza abale awo ali tsidya lino ndi tsidya lija. Mlendo adzamva maina a mafumu Mkhumba, Nazombe, Kaduya, Chiwalo, Jenala ndi Nkhulambe, ndipo achita bwino kuwasunga pamtima, chifukwa munthu wa kuno akafuna kukulozera malo amayamba ndi dzina la mfumu, la msika libwera pambuyo.

Amang'anja ndiwo anali m'chigwa muno kuyambira kale, Ayao nafika m'katikati mwa zaka za m'ma 1800. Koma unyinji wa anthu a lero ndi Alhomwe, amene makolo awo anayamba kulowa mochuluka kumapeto kwa zaka zomwezo ndi m'zaka zoyamba za m'ma 1900, akuchokera ku maiko a kufupi ndi phiri la Namuli, pothawa msonkho, mkwapulo ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika ali osauka, ambiri nagwa m'thangata wa m'minda ya azungu, napatsidwa dzina lachipongwe limene linawachititsa manyazi kulankhula chilankhulo chawo pagulu. Kotero kuti pamene Lewis Bandawe, yemwe anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anatsogolera bungwe la Alhomwe m'chaka cha 1943, nkhondo yake yoyamba inali yakuti boma liwatchule anthu ake ndi dzina lawo lenileni. Manyazi aja anasiya chipsera, pakuti ana ambiri a lero adziwa Chichewa chokha. Komabe m'midzi ya Phalombe nkhalamba zikadalankhula Chilhomwe chawo cha Chimihavani pakati pawo, ndipo mlendo wopempha modzichepetsa kuti amuphunzitse moni wa m'mawa adzaona nkhope zawo zikuwala.

Chimene banja liyenera kuchidziwa koposa n'chakuti lino ndi dziko la chikamwini. Mwamuna akakwatira amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Munda uyenda m'manja mwa amayi ndi ana awo aakazi. Ana awerengedwa ku mtundu wa mayi wawo. Ndipo nkhani ikakula, woitanidwa ndi atsibweni, eni mbumba, pamodzi ndi ankhoswe amene anaimirira ukwatiwo. Tsono bambo wochokera ku mzinda, wozolowera kuti mawu ake ndiwo atseka nkhani, asadabwe akaona kuti chilolezo chogona pakhomo kapena choyendera munda chikuchokera kwa gogo wamkazi amene wakhala chete pakhonde, pomwe mwamuna wa pakhomopo angofikitsa uthenga.

Nyengo yoyenera

Funso la nyengo ku Phalombe si la kukoma kwa ulendo kokha, ndi la moyo. Pa 10 Malichi 1991, mvula itagwa masiku angapo osaleka, phiri la Michesi linang'ambika, madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsikira pa Phalombe ndi midzi yozungulira, nizipha anthu mazanamazana. Eni dziko anati Napolo wadutsa, njoka ija ya pansi pa phiri imene ikasamuka kumka kunyanja siisiya kanthu m'njira mwake. Ndipo m'Malichi wa 2023 namondwe Freddy anabwereza zomwezo, makamaka kwa Nkhulambe, kumene midzi, milatho ndi chipatala zinakokoloka, dera lonse nilikhala masiku losafikika. Chifukwa chake kuyambira Disembala kufikira Epulo banja likhale kwawo: misewu ya fumbi isanduka thope, mitsinje idzaza m'kanthawi kochepa, ndipo eni mudzi ali m'munda, nkhokwe zili pafupi kutha, kotero kuti mlendo wa m'nyengoyi, ngakhale amulandire ndi nsangala, akudya chakudya cha ana.

Nyengo yabwino iyamba m'Meyi, zokolola zitalowa m'nkhokwe, nifika mu Ogasiti. Mpunga watsopano uli pamsika, nandolo wamuwisi ayamba kuthyoledwa m'miyezi yachisanu, ndipo anthu ali ndi nthawi yocheza ndi yovina. Koma chiperoni, mtambo wozizira uja wa mvula yowaza umene unatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, chikhoza kukuta mapiri masiku angapo, ndipo wokwera phiri wopanda juzi ndi bulangete adzalira usiku wonse. Mu Ogasiti, ana akatsekera sukulu, midzi yambiri ichita zinamwali. Kumeneko mlendo sapitako pokhapokha tsiku lotuluka anamwali, pamene mudzi wonse usangalala poyera, ndipo ngakhale pamenepo apita woitanidwa. Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi yotentha ndi yafumbi, koma misewu yonse ipitika, ndipo mu Okutobala ndimo Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi malemu Bingu wa Mutharika, uchitira mwambo wake wa chaka ndi chaka pa Chonde m'boma la Mulanje, kumene magule a ku Phalombe sasowa.

Kutumiza mawu

Safunsa anadya phula. Masabata angapo ulendo usanachitike, banja lipeze munthu wa m'deralo wokhala mlomo wawo: mphunzitsi, mkulu wa mpingo, mlangizi wa zaulimi, kapena mbale wa mnzawo wa kuntchito, pakuti ku Blantyre ndi ku Zomba sikusowa munthu wa kwawo ku Phalombe. Ameneyo ndiye akafikitse mawu kwa nyakwawa kuti kukubwera alendo awiri, bambo ndi mayi a kunyumba kwawo, ofuna kuona miyambo. Ndipo afotokoze poyera kuti sali a bungwe logawa thandizo, sali a ndale, ndipo sali ogula malo, chifukwa m'dera limene laona ngozi zambiri galimoto yachilendo imadzutsa chiyembekezo chimene, chikapanda kukwaniritsidwa, chimasiya kuwawa. N'kwanzerunso kudziwitsa ofesi ya khonsolo ya boma, ndipo za m'phiri kukambirana ndi a zankhalango a pa Fort Lister, m'mpata wa pakati pa mapiri awiri aja, amene ali ndi otsogolera njira ndi onyamula katundu odziwika.

Mwa njira zazikulu muli ziwiri izi: yochokera ku Blantyre kudzera ku Chitakale ndi kuzungulira tsinde la phiri, ndi yochokera ku Zomba kudzera ku Jali. Banja lanzeru lilowa ndi ina nilituluka ndi inzake, kuti lisaone zinthu zomwezo kawiri. Pa Phalombe ndi pa Migowi pali nyumba zogona alendo zosadzitama, zokwanira munthu wosafuna zambiri. Koma usiku umodzi, ngati mfumu ndi eni khomo avomera, ugonedwe m'mudzi. M'maiko ena amapiri chinthu ichi anachikonza kale bwino lomwe: m'mapiri a Pamir ku Tajikistan, dziko limene nalonso lidziwa kugumuka kwa mapiri ndi kusauka kwa midzi yakutali, mabanja a m'midzi alandira alendo m'nyumba zawo, nawapatsa pogona ndi chakudya cha pakhomo pa mtengo wodziwika, ndipo mu mzinda wa Khorog muli bungwe lotchedwa PECTA lolumikiza alendo ndi makomo otere. Kwathu kuno ulendo wa mtundu uwu ukadayenda pa ubale ndi pa mawu a pakamwa, ndipo n'chifukwa chake mthenga wokhulupirika aposa mapu ndi foni.

Miyala, linga ndi phiri

Masiku asanu akwana. Loyamba likhale la kufika, kukaonekera kwa mfumu, ndi kuyenda pansi pa Migowi ndi pa Phalombe. Pa Migowi paima chipatala chachikulu cha boma chimene chinatsekulidwa m'chaka cha 2022 ndi kutchedwa dzina la John Chilembwe. Ndipo dzinalo silinagwe pamenepa mwangozi, pakuti mbusa uja wa ku Mbombwe, amene ambiri mwa omutsatira anali Alhomwe olemedwa ndi thangata, anaomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 m'dera lino la kumpoto kwa phiri la Mulanje, akuyesa kufika ku Mozambique. Pa Phalombe pali mishoni ya Holy Family ndi chipatala chake ndi sukulu yake ya anamwino, ndipo m'tsinde mwa Michesi mukadali miyala imene inatsika mu 1991. Pamiyala imeneyi banja liyende ndi mawu otsika. Munthu wachikulire wa pano mwina anataya wina wake tsiku lija, ndipo ngati afuna kunena adzanena yekha. Kumufunsa mafunso motsatizana, kapena kukwera pamwala ndi kujambulitsa mukuseka, ndiko kuvina pamanda a eni.

Tsiku lachiwiri likhale la ku Fort Lister, m'mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mpata umenewu unali khomo la magulu a akapolo omangidwa m'magoli, oyendetsedwa kumka kugombe la Quelimane, ndipo m'chaka cha 1893, m'masiku a Harry Johnston, boma la Angerezi linamangapo linga la asilikali kuti litseke njirayo ndi kuthyola mphamvu za mafumu a Chiyao monga Matipwiri, amene ankalamulira malonda a m'derali. Lero kwatsala zipupa zogumuka, maziko a nyumba, ndi manda a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wa mabuku Robert Louis Stevenson. Ndipo malowa ali m'gulu la njira za akapolo zimene Malawi anazipereka ku UNESCO mu 2011 kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Mwamuna ndi mkazi oimirira pamenepa ayenera kukumbukira kuti amene anadutsa m'mpata uno m'magoli analinso amuna a eni ndi akazi a eni, olekanitsidwa pa msika osatsazikana, ndi kuti linga lomwelo limene linatseka ukapolo linatsegulanso njira ya msonkho wa nyumba ndi thangata. Mbiri ya malo ano ilibe mbali imodzi yokha, ndipo wotsogolera njira wabwino anena zonse ziwiri.

Tsiku lachitatu likhale la kuphiri. Kwa amene miyendo yawo ili yolimba, kuchokera pa Fort Lister pali njira yokwera ku nyumba ya alendo ya Sombani pamwamba pa Mulanje, ulendo wa maora atatu kapena kuposerapo kwa oyenda mwachifatse, ndipo pamwamba pake payang'ana nsonga ya Namasile. Nyumbayo ili ndi mlonda, nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda banja linyamula lokha. M'njira adzaona zitsa za mkungudza wa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma macheka a usiku anautha pafupifupi wonse, kotero kuti Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zatsopano. Ndipo mlendo wokana kugula thabwa kapena bokosi la mkungudza losadziwika kochokera wathandiza koposa wolankhula zambiri. M'mwezi wa Julayi 2025 UNESCO inalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lapansi, ndipo chifukwa chachikulu chimene inatchula ndicho ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe apereka kwa mizimu yokhala m'phirimo.

Za mizimuyo, Michesi ndiye ali ndi mbiri yoposa. Anthu a m'tsinde mwake asimba kuti woyenda m'phirimo akhoza kupeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha ndi ndiwo zake zili poyera, popanda wophika, ndipo lamulo lake n'lakuti adye yekha, osaitana mnzake ndi osatengako kupita nazo kumudzi, kuopa kuti angasokere osabwereranso. Lamuloli lingavute anthu awiri amene analonjezana pamaso pa ankhoswe kuti adzagawana zonse, ndipo otsogolera njira sachedwa kuseka nalo banja lachilendo. Koma kuseka kukatha, zimene wotsogolera aletsa zisachitike, kaya mlendo azikhulupirira kaya ayi, popeza phiri n'la eni, ndipo nkhungu ya pamenepo yasokeretsa kale anthu amene anadziyesa odziwa.

Kumtondo ndi kubwalo

Tsiku lachinayi ndilo mtima wa ulendo wonse, ndipo pano mpamene kuyenda awiri kuposa kuyenda wekha. M'mudzi amuna akhala paokha ndi akazi paokha, adyera mbale zosiyana, nakamba nkhani zosiyana. Motero mwamuna woyenda yekha amva za kubwalo zokha, ndipo mkazi woyenda yekha amva za kumtondo zokha, koma banja lilowa makomo onse awiri tsiku limodzi. Asakane tsono powalekanitsa. Mayi apite ndi anzawo kumjigo, agwire munsi, aone mmene akonolera mapira, amve mmene amayi a mbumba imodzi agawirana munda wa gogo wawo ndi zimene anamkungwi alangiza mtsikana wolowa m'banja, zimene sizinenedwa pamaso pa amuna. Bambo akhale pansi pa mtengo wa mango ndi akamwini anzawo, amve madandaulo ndi nthabwala za amuna omanga nyumba pa dothi la eni, za mtengo wa nandolo umene ukwera ndi kutsika monga afunira ogula a ku India, ndi za njinga zonyamula matumba kuchokera kumalire. Madzulo, awiriwo akakumana, aliyense adzakhala ndi theka la mudzi loti auze mnzake. Ndipo si zachilendo kuti m'kukambirana kotero mutuluke mafunso a banja lawo lomwe, a mwini wa nyumba imene akumanga, a kumene ana awo adzatchula kwawo, amene ku mzinda ankangowazemba.

Chakudya chake n'cha nthaka yomweyo: nsima ya mgaiwa kapena ya mapira, nandolo, makaka ophikidwa pamodzi ndi nyemba, matemba a ku Chilwa, thobwa la m'chipanda, ndi kalongonda, amene Alhomwe atchuka naye. Kalongonda ndi nyemba youma mutu ndi yaululu, imene ikaphikidwa mwachangu izunguza mutu ndi kudwalitsa. Iyenera kuwira maora ambiri, madzi ake akutayidwa ndi kuthiridwa ena kangapo, kufikira ululu wonse utatha. Chifukwa chake mayi amene akuikirani kalongonda patsogolo wakupatsani nkhuni za tsiku lathunthu ndi tulo take, ndipo kumukana monyansidwa n'chipongwe chachikulu. Amene mimba yake ili yofooka alaweko pang'ono, nathokoze ndi manja awiri.

Ngati mawu anatumizidwa bwino, madzulo ng'oma za tchopa zidzalira. Gule ameneyu, amene UNESCO inamulemba mu 2014 m'gulu la miyambo yofunika kusungidwa ndi anthu onse, sanayambe ngati chisangalalo cha alendo: ankavinidwa pothokoza mizimu ya makolo zokolola zikachuluka kapena alenje akabwera ndi nyama, ndiponso popereka nsembe chilala kapena mliri zikagwa. Ng'oma zitatu za misinkhu yosiyana zikhala pakati, amuna ndi akazi azungulira mopingasana, ena atavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo ya makasu, misampha, zidole ndi ziwiya zakale za kukhitchini, monga anthu onyamula moyo wawo wonse pamsana. Ndipo woonerera wodziwa mmene makolo a ovinawa anafikira m'chigwa muno sangaione mitoloyo ngati nthabwala chabe. Akakukokerani m'bwalo, lowani nonse awiri, pakuti kusadziwa kuponda kukhululukidwa, koma kukhala pampando manja ali pachifuwa sikukhululukidwa msanga.

Kunyanja yopanda potulukira

Tsiku lotsiriza likhale la ku Chilwa, nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, imene David Livingstone anaiona mu Epulo 1859, ndi imene inakhala dambo loyamba la dziko lino kutetezedwa pansi pa pangano la Ramsar chifukwa cha unyinji wa mbalame zake. Ndi nyanja yosaya, ya madzi amchere pang'ono, yolandira mitsinje koma yosatulutsa ndi umodzi womwe, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato nakhala pa dothi long'aluka. Pa doko la Swang'oma, kapena ku thamanda la Mpoto, banja lifike m'mamawa asodzi akutsitsa matemba, makumba ndi milamba, ndipo lifunse za zimbowera, tinyumba toyandama timene asodzi amanga pa mabango m'katikati mwa nyanja ndi kukhalamo masabata ambiri kutali ndi akazi awo. Kusambamo n'kosayenera chifukwa cha likodzo, madzi akumwa anyamulidwe, ndipo usiku uliwonse wa ulendowu ugonedwe m'neti, pakuti udzudzu wa m'chigwa suona nkhope.

Za m'manja ndi za makhalidwe

Kupatsa n'kuika. Kwa mfumu ndi kwa eni khomo banja linyamule shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, ndi chitenje cha gogo wa pakhomopo, ndipo mphatsozo ziperekedwe kudzera mwa mthenga uja, mogwada, osati kuponyedwa pamphasa. Malipiro a wotsogolera njira, a onyamula katundu, a wakabaza ndi a gulu la tchopa akambidwe ntchito isanayambe, ndipo akapangana asachotsedwepo kanthu. Munthu amene sanenerera mtengo wa chakudya m'hotela ya mu mzinda asayambe kuuma manja pa mnyamata amene wamusenzera chikwama kukwera Sombani. Ndalama zina zikhale m'thumba, zosinthasintha, chifukwa si paliponse pamene pali wa Airtel Money kapena wa Mpamba. Mpunga, nandolo, mphasa ndi mbiya zigulidwe kwa ozilima ndi oziumba. Koma kumwaza ndalama kapena maswiti kwa ana kulekedwe, popeza kuphunzitsa ana a eni kutambasula dzanja kwa galimoto iliyonse ndi choipa chimene chitsala mlendo atapita.

Mayi amange chitenje polowa m'mudzi, bambo avule chipewa pamaso pa akuluakulu, ndipo chikondi chawo chionekere m'maitanidwe aulemu ndi m'kudikirana panjira, pakuti kugwiranagwirana pagulu kumene mzinda unazolowera kuchititsa manyazi nkhalamba za kuno. Asanajambule munthu apemphe, ndipo akakana asaumirire. Akapeza masamba atayalidwa mopingasa msewu adziwe kuti pali maliro: galimoto iyende pang'onopang'ono, wailesi izimitsidwe, wa panjinga atsike, ndipo ngati zovutazo zagwa m'mudzi umene akuchezamo, ng'oma za tchopa sizilira, ndipo choyenera alendo ndi kukakhala nawo pa siwa kanthawi ndi kuponya kangachepe m'mbale ya chipepeso. Tsiku lotero lisawerengedwe lotayika, chifukwa mudzi sudziwika bwino pa chisangalalo pokha.

Mlendo ndi mame, ndipo usiku umodzi kapena uwiri pakhomo la munthu wolima ukwana. Koma ulendo suthera pa kutsazika. Akuluakulu anati ukapita kwa eni siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndipo banja limene lafika kwawo litumize uthenga wakuti tafika bwino, litsukitse zithunzi zija ndi kuzibweza kwa eni nkhope, likwaniritse kalikonse kamene linalonjeza ngakhale kakhale kakang'ono, ndipo likafunsidwa ndi anzawo za Phalombe linene zoona, za njala ndi za ufulu womwe, osasandutsa umphawi wa anthu kukhala nkhani yosekeretsa pa Facebook. Pamenepo ntchito yotsala ili m'manja mwa khonsolo ndi mafumu: kusankha makomo okhoza kulandira alendo, kugwirizana mitengo yoyenera, kulambula njira ya ku Fort Lister, ndi kuphunzitsa anyamata ndi atsikana a m'deralo kusimba mbiri ya kwawo molondola, kuti ndalama ya mlendo itsale m'midzi imene nyumba zake zinagwetsedwa ndi Freddy. Kufikira zimenezo zitakonzeka, mbiri ya alendo onse ili pa mapewa a banja lililonse lofika, pakuti mmene awiri oyamba akhalira pakhomo ndi mmene awiri otsatira adzalandiridwire.